Ma-elf a Tolkien ndi Funso la Imfa

Anthu akale a ku Ireland ndi ku Scotland sankachita nazo maseŵera zolengedwa zimene Angerezi amazitcha ma-elf kapena ma-fairy. Ankati zimakhala m'zitunda ndi m'nkhalango, ndipo zimaba makanda n'kusiyapo mwana wachinyengo. Ena ankafotokoza kuti ndi angelo ogwa, oipa moti sakanatsala kumwamba, koma osaipitsitsa moti n'kuponyedwa kumoto. Mantha ameneŵa ankaphetsa anthu: m'chaka cha 1895, ku Tipperary, Bridget Cleary anatenthedwa ndi mwamuna wake yemwe, amene ankaumirira kuti mkazi wake weniweni adatengedwa ndi ma-fairy. Koma m'mabuku, makamaka kuyambira nthaŵi ya Shakespeare ndi Michael Drayton, zolengedwazi zinanka zichepa msinkhu mpaka kusanduka tianthu tamapiko tobisala m'maluŵa, tokondweretsa ana.

J.R.R. Tolkien, Mkatolika wolimba pa chikhulupiriro, anadandaula za kuchepetsa kumeneku m'phunziro lomwe anapereka ku St Andrews mu 1939. M'buku la The Lord of the Rings (1954–1955) ndi la The Silmarillion (1977) anaŵabwezera ma-elf ulemu wao: ataliatali, anzeru, aluso pa nyimbo. Komabe ife tikuona kuti chachikulu chimene anaŵapatsa ndi chisoni. Ma-elf ake safa ndi ukalamba. Amangidwira ku dziko lino mpaka litatha, ndipo amaona zonse zimene akonda zikufota pamaso pao. Ngakhale mphete zao zitatu anazisula pofuna kuletsa zinthu kukalamba, ndipo Tolkien mwini anakuyesa kulakwa kufuna kotereku. Tsono iwo amayang'ana anthu ndi kaduka, natcha imfa mphatso ya Mlengi.

Apa ndi pamene wophunzira zaumulungu ayenera kuimapo. Kodi Buku la Luntha silitiphunzitsa kuti Mulungu sadapange imfa? Kodi Paulo Woyera sauza Aroma kuti imfa inaloŵa chifukwa cha tchimo? Ena amamuteteza mlembiyu ponena kuti nthano ndi nthano basi. Yankho limeneli sitikhutira nalo, pakuti likupeputsa ntchito ya munthu amene sankaona nthano ngati chinthu chopepuka. Tiyenera kufunsa kuti mau akuti mphatso akutuluka m'kamwa mwa yani. Ndi ma-elf amene akutero, iwo osadziŵa kumene anthu amapita akafa, otopa ndi zaka zosatha. Arwen, mwana wa Elrond, atasankha moyo wa anthu chifukwa cha chikondi, anapeza kuti mphatso ija njoŵaŵa pamene mwamuna wake Aragorn anagona pa mphasa ya imfa. Ndipo m'kukambirana kwa Finrod ndi Andreth, kumene kunasindikizidwa mu 1993, Tolkien atamwalira kale zaka 20, mai wanzeru uja akukana: iye akuti anthu sadalengedwere imfa, koma china chake chinaonongeka pachiyambi. Komweko mumvekanso chiyembekezo chakuti Mlengi mwini adzaloŵa m'dziko lake kudzalichiritsa. Ambrosio Woyera, polira mbale wake Satyrus, adaphunzitsa zofanana ndi zimenezi: kuti imfa sinali m'chilengedwe chathu, koma Mulungu anaipereka ngati mankhwala, kuti masautso a munthu wochimwa akhale ndi malire.

Chimene tingamdzudzule nacho Tolkien chili pena. Poŵakweza ma-elf, anaŵachotsera kuopsa kuja kumene alimi a ku Tipperary ankakudziŵa. Galadriel amachititsadi nthumanzi, koma palibe mai angabise khanda lake pomuona. Alembi ambiri omutsatira, pamodzi ndi opanga mafilimu, anangotolapo makutu osongoka, tsitsi lalitali ndi mauta. Chisoni cha osafa, chimene chinali mtima wa nkhani yonse, anachisiya m'mabuku a mwini wake.