Ilala ndaikonda, koma nkhani yake ili ndi mpangankhani mmodzi

Ndakulira m'munsi mwa phiri la Chongoni, kumene madzi ambiri amene ndinkawadziwa ndi a pachitsime. Ndiye nditakwera Ilala ku Monkey Bay, tsiku loyamba ndinangoti kukamwa yasa. Zithunzi mwaziona kale pa Facebook. Lero ndikufuna ndiunike ulendowu ngati mmene timaunikira buku, poti padoko lililonse munthu umafotokozeredwa nkhani.

Vuto langa ndi mpangankhani wamkulu. Sitimayi inapangidwa ku Scotland, inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951, ndipo dzina lake ndi la dera la ku Zambia kumene David Livingstone anafera mu 1873. Usanaponde n'komwe mtunda, bamboyu wakwera kale nawe.

Ku Nkhotakota mnyamata wina wotiperekeza anatitengera pansi pa mtengo paja akuti Livingstone anakumana ndi Jumbe, m'zaka za m'ma 1860. Anafotokoza mokoma, zaka zonse zili pamtima. Anatchula Salim bin Abdullah, zombo zowolotsa akapolo, ulendo wapansi wokafika ku Kilwa. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, nanga ogulitsidwawo ankachokera midzi iti?" Anaseka, amvekere alendo safunsa zimenezo. Sindikumunena iyeyo ayi, amanena zimene anaphunzitsidwa komanso zimene zimagula ufa. Koma taganizani: nkhani ya ukapolo yokhala ndi mayina awiri, la wogulitsa ndi la mlendo wodzadzudzula. Eni tsokawo angosanduka gulu.

Ku Likoma nako, tchalitchi cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903 n'chokongola zedi, ndinakhalamo chete kwa nthawi. Koma manja amene anasenza miyalayo sindinawamve akutchulidwa.

Chimene chinandiwawa n'choti mbali ina ya mbiri ya zaka zomwezo ndinaisiya kumudzi. Nkhondo za Angoni ndi osaka akapolo zitavuta, Achewa ambiri ankathawira kumapiri. M'mapanga a Chongoni, monga Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi, muli zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zina za chinamwali, zina za Nyau. Malowa ndi 127, ndipo UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006. Kumeneko makolo anadzilembera okha pamwala, popanda wowamasulira. Ine, mwana wa pomwepo, ndinayamba kuloweza za mtengo wa ku Nkhotakota ndisanalowe m'phanga la Namzeze. Manyazi ake ndi anga.

Ilala kwerani ndithu, koma musamangokhala pamwamba ndi Fanta m'manja. Tsikirani pansi, pakati pa matumba a usipa ndi ufa. Mayi wina wa ku Chizumulu anandisimbira kumeneko mmene agogo awo ankawolokera ku Mozambique pabwato kukasaka nkhuni, mpaka ndinaiwala kuti foni yanga yatha moto.