Kusakondera kwa Wikipedia ndi Mbiri ya Machona a ku Chitungwiza

Wikipedia, nkhokwe ya nzeru ya pa intaneti imene Jimmy Wales ndi Larry Sanger anaiyambitsa m'chaka cha 2001, imalembedwa ndi anthu odzipereka osalandira malipiro. Alembiwo amatsata malamulo atatu: asakondere mbali, asalembe chinthu chimene sichinasindikizidwe kale pena pake podalirika, ndipo asaikemo zofufuza zawozawo. Cholinga chathu pano ndi kuonetsa kuti malamuloŵa, ngakhale ali abwino, satha kubala chilungamo pamene mbali imodzi yokha ndiyo inagwirapo cholembera.

Titenge chitsanzo cha mnyamata wa ku Unit K, m'dera la Seke ku Chitungwiza, mdzukulu wa machona, anthu aja anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a Southern Rhodesia osabwereranso kwawo. Iyeyu akafuna kulemba za Gule Wamkulu monga avinidwira kumeneko, lamulo limuuza kuti afune mabuku. Tsono zolembedwa zakale zinachokera kwa akuluakulu a boma la atsamunda ndi amishoni, ndipo zatsopano zambiri nzam'manyuzipepala, amene kaŵirikaŵiri amatchula "Zvigure" pofuna kudabwitsa oŵerenga. Mawu a agogo ake, amene anaona zonsezi ndi maso, lamulo liwakana poti sanasindikizidwe. Motero mlembi wosamala, wosafuna kunamiza munthu, angobwereza maganizo a anthu akunja, nakhulupirira kuti sanakondere. Mlandu wotere waweruzidwa mboni ya mbali ina isanalankhule.

Ngakhale zolembedwa zolemekezeka zili ndi mipata. Bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu m'chaka cha 2005 m'dzina la Malaŵi, Zambia ndi Mozambique; Zimbabwe palibe. Woŵerenga zimenezi zokha angaganize kuti kum'mwera kwa Zambezi ng'oma za guleyu sizilira.

Dzina la chinenero nalonso lili ndi ndale zake. Ku Malaŵi dzina loti Chinyanja linasinthidwa kukhala Chicheŵa m'chaka cha 1968. Ku Zambia ndi ku Mozambique dzina lakalelo likadalipo. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amatchula "Chewa" pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Wikipedia ya m'chinenero chathu imadziŵika ndi zilembo "ny", zochokera ku Nyanja. Wosankha dzina limodzi popanda kufotokoza mbiriyi wasankha mbali, angakhale asadziŵe.

Vuto lina ndi kuchepa kwa alembi. Wikipedia imadalira kuti cholakwa cha mmodzi achiwongole anzake, koma pamene anthu ali oŵerengeka palibe womudzudzula mnzake. M'chaka cha 2020 kunadziŵika kuti nkhani zikwizikwi za Wikipedia ya chinenero cha Scots zinalembedwa ndi mnyamata wa ku America wosachidziŵa bwino chinenerocho, ndipo panapita zaka zinthu zisanaululike. Chinagwera anzathuwo chikhoza kutigwera ife.

Sitikunena kuti malamuloŵa achotsedwe, pakuti popanda iwo mphekesera ndi miseche zikanadzaza nkhokwe yonse. Mankhwala ake ali m'manja mwathu, ife ofufuza za zinenero. Anusa Daimon, m'kafukufuku wake wa 2015 wonena za Amalaŵi a ku Zimbabwe, ndi Zoë Groves, m'buku lake la 2020 lolondola mbiri ya machona, atsegula njira, koma analemba m'Chingerezi. Tiyenera kupita kwa okalamba a ku Seke, Zengeza ndi St Mary's akadali moyo, kulemba zimene iwo eni alola kuti zilembedwe, kusiya zam'dambwe kudambwe, ndi kuzisindikiza m'Chicheŵa. Pokhapo mnyamata wa ku Unit K adzakhala ndi buku loloza pofuna kulemba mawu a agogo ake.