Kumasulira sikulakwa, koma tikumasulirira m'chiyankhulo chiti?

Aphunzitsi anzanga, m'makalasi ambiri a Chingerezi muno mu Tete muli ntchito imene tonse timaidziwa. Mphunzitsi amalemba ziganizo pa bolodi, ana n'kuzimasulira m'Chipwitikizi, kenaka zina n'kuzibwezera m'Chingerezi. Ena amati ntchitoyi ndi yachikale, ingothetsedwa. Ine ndikuona kuti vuto lake lili pena. Timamasulira liwu ndi liwu, ndipo timadzera m'Chipwitikizi mokha, ngati kuti mwana wa ku Nhartanda alibe chiyankhulo china m'mutu mwake.

Kumasulira liwu ndi liwu si kwathu kuno kokha. Ku Japan njirayi ili ndi dzina lake, yakudoku. Wophunzira amapeza tanthauzo la liwu lililonse la Chingerezi, kenaka amasanjanso mawuwo kuti atsate Chijapanizi, chimene mneni wake amakhala kumapeto kwa chiganizo. Mu 1988 katswiri wina wa kumeneko, Nobuyuki Hino, adafotokoza kuti chizolowezichi chidachokera ku mmene makolo awo ankawerengera mabuku a Chitchaina. Ambiri adaidandaula njirayi kuti imatulutsa ana odziwa malamulo a galamala koma osowa chonena pakamwa, ndipo mu 2009 unduna wa maphunziro udalamula kuti m'makalasi akuluakulu a sekondale Chingerezi chiziphunzitsidwa makamaka m'Chingerezi momwemo. Komabe mwana wa ku Japan ali ndi mwayi umodzi umene wathu alibe: amamasulirira m'chiyankhulo chimene amayankhula ndi amayi ake. Wathu amachoka m'chiyankhulo chachitatu n'kulowa m'chachiwiri, chimenenso akadali kuchiphunzira.

Izi n'zodabwitsa m'chigawo chimene maphunziro a ziyankhulo ziwiri adayesedwa koyamba. Kuyambira 1993 mpaka 1997, pulojekiti ya PEBIMO, motsogozedwa ndi INDE, idaphunzitsa ana m'Chinyanja ndi Chipwitikizi kuno ku Tete, ndiponso m'Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Mu 2003 boma lidayamba kulowetsa maphunziro otere m'sukulu zake. Mfundo yake ndi yakuti chimene mwana akuchidziwa kale ndicho chimamuthandiza kumvetsa chatsopano. Nanga bwanji mfundoyi timaisiya pakhomo nthawi ya Chingerezi ikakwana?

Tiyeni tione chitsanzo chimene chimavutitsa ana chaka ndi chaka, present perfect. Chingerezi chimasiyanitsa "I ate" ndi "I have eaten". Chipwitikizi chimanena "comi" pa zonse ziwiri, mwina n'kuwonjezerapo "já". Mwana womasulira liwu ndi liwu amaona "have" n'kulemba "tenho comido", pamene mawuwa amatanthauza kuti wakhala akudya mobwerezabwereza masiku ano. Koma m'Chinyanja kusiyanaku kulipo kale. "Ndinadya" ndi nkhani yakale, pomwe "ndadya" ndi yankho la munthu amene wayitanidwa ku nsima koma akadali wokhuta.

Chimodzimodzi chiganizo chakuti "I have been waiting since morning". Chipwitikizi chimati "estou à espera desde manhã", mneni ali m'nthawi yatsopano. Mwana akachibwezera m'Chingerezi amalemba "I am waiting since morning", ife n'kumuchonga ndi cholembera chofiira. Chikhala adafunsidwa m'Chinyanja, akadati "ndakhala ndikudikira kuyambira m'mawa", ndipo magawo onse a mneni wa Chingerezi akadaonekera poyera. Cholakwacho sichidachokere kunyumba. Tidamupatsa tokha pomudutsitsa njira yozungulira.

Sindikunena kuti Chinyanja ndi Chingerezi zimafanana paliponse. Timatha kunena kuti "wafika 7 koloko", koma Chingerezi sichilola present perfect pamene nthawi yeniyeni yatchulidwa. Palinso malo amene Chipwitikizi ndicho chimathandiza kwambiri. Mlowam'malo wathu "iye" sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, choncho "ele" ndi "ela" ndiwo amafotokoza bwino "he" ndi "she". Pa timawu "a" ndi "the", Chinyanja chili ngati Chijapanizi, chilibiretu. Chipwitikizi chili nato, ngakhale kuti kagwiritsidwe kake kamasiyana: "a vida é difícil" m'Chingerezi ndi "life is hard", popanda "the". Phunziro lenileni lili pamenepa, pakuona pamene ziyankhulo zikugwirizana ndi pamene zikusemphana. Guy Cook, m'buku lake la 2010 lotchedwa Translation in Language Teaching, adateteza kumasulira ngati chida chophunzitsira pa nthawi imene ambiri ankakunyoza.

Choncho ntchito ya pa bolodi ija isinthe. M'malo mwa ziganizo khumi zosagwirizana, tipereke kankhani kamodzi kochokera m'moyo wa ana, monga ka mayi amene wathirira dimba lake m'chigwa cha Nhartanda ndipo wakhala akudikira ogula masamba. Tilembe mizati itatu: Chingerezi, Chipwitikizi, ndi chiyankhulo cha mwana. Ana amasulire tanthauzo m'magulu, atsutsane, kenaka afotokoze nkhaniyo pakamwa m'Chingerezi bolodi litafufutidwa. Popeza ambiri mumzinda muno amayankhula Chinyungwe, mzati wachitatu ukhale wa ziyankhulo zonse ziwiri, ndipo mphunzitsi asachite manyazi kufunsa ana kuti kwawo amanena bwanji.

Tete wazunguliridwa ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, maiko amene Chingerezi ndi chiyankhulo cha boma, ndipo Mozambique ali mu Commonwealth kuyambira 1995. Ana athu adzachifuna Chingerezi pa chipata cha Zóbuè, m'migodi ya ku Moatize ndi m'masukulu aukachenjede. Kumeneko palibe adzawapatse ziganizo khumi zoti amasulire. Adzafunika kumva ndi kuyankha. Sabata ikubwerayi, yesani mizati itatu ija pa phunziro limodzi lokha, ndipo mutilembere zimene ana anu anena.