Kale la pa Namitete

Zolembedwa za Namitete zimatiuza kuti chipatala cha St Gabriel chidatsegulidwa mu 1959, koma za masitolo ondandana m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji zili chete. Mbiri imeneyo idatsala m'kamwa mwa akuluakulu, ndipo akamaifotokoza imakoma: telala wa pakhonde, sikono ya m'tiyirumu, usipa wochokera kunyanja woyalidwa pamsika.

Chotidandaulitsa n'chakuti nkhani zoterezi zimangoti "kale", osatchula chaka. Amene adali mwana amakumbukira switi. Sakumbukira kuti m'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda lidalamula amalonda achimwenye kuchoka kumidzi kupita m'matauni, kuti mayi wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pakhomo la msika, kapena kuti mlimi wamng'ono ankagulitsa fodya wake ku ADMARC yokha pa mtengo wosakambirana. Kukumbukira kodumpha zimenezi kumasangalatsa mtima, koma kumanamiza adzukulu.

Akuluakulu sitikuwatsutsa. Pempho lathu n'lakuti powamvera, kaya ku Namitete, ku Nsaru kapena kunyanja kwathu kuno, tiziwafunsa: chidali chaka chiti, sitolo idali ya yani, idatsekedweranji? Mayankhowo tiwalembe eni ake akadali moyo.