Tiffany Haddish: nthabwala zikachoka pa siteji n'kulowa m'buku

Anzanga m'gulu muno, ambiri mumamudziwa Tiffany Haddish kudzera mu filimu ya Girls Trip ya mu 2017, momwe ankasewera ngati Dina, mkazi wa pakamwa posatseka uja. Chaka chomwecho anatulutsa buku la mbiri yake, The Last Black Unicorn, ndipo sabata ino tiyeni tikambirane limeneli.

Tiffany anabadwa mu 1979 ku Los Angeles. Bambo ake, ochokera ku Eritrea, anachoka pakhomo iye ali wamng'ono. Mu 1988 mayi ake anachita ngozi ya galimoto n'kuvulala ubongo, ndiye mwana wa pulayimale anasanduka mayi wa abale ake aang'ono. Kenako boma linawatenga anawo kukawasungitsa kwa anthu achilendo. Kuwerenga anadzakudziwa bwino ali kale ku sekondale. Dzina la bukuli likuchokera ku chipongwe cha kusukulu: anali ndi njerewere pamphumi, anzake n'kumamutcha unicorn, kavalo wa m'nthano wa nyanga imodzi.

Ife tinakula tikuonera Izeki ndi Jakobo, choncho tikudziwa kuti wanthabwala amaseketsa ndi nkhope, mawu, ngakhale kungokhala chete. Pa pepala zonsezi palibe. Tiffany, mothandizana ndi mlembi Tucker Max, anasankha kulemba momwe amayankhulira: ziganizo zifupizifupi, kutukwana, zokambirana zoyalidwa ngati sewero. Pena zimagwira. Pena mumachita kuona kuti apa pamafunika kutong'ola maso kwake kuja, ndipo nthabwalayo imangogwa pansi ngati tomato wofewa.

Pomwe bukuli lili ndi mphamvu ndi pamene akukamba za mayi ake. Mayi amene ankamukonda ndi omwewo anayamba kumumenya ndi kumunyoza ngozi itachitika. Mwanayo anaphunzira kuti akawaseketsa, mkwiyo umachepako. Mukawerenga pamenepo mumamvetsa kuti nthabwala zake zinayamba ngati chishango, osati luso longosangalatsa nalo anthu. Sakupempha kuti mumumvere chisoni, amangofotokoza, inu n'kuseka, kenako n'kuchita manyazi kuti mwaseka chiyani. Kulemba kotere n'kovuta, ndipo apa ndimuvulira chipewa.

Koma pali mutu umodzi umene sindinaumeze. Akufotokoza za mwamuna wolumala amene ankagwira naye ntchito pa bwalo la ndege, n'kudzakhala naye pa chibwenzi. Akuti anali munthu wabwino mtima, inde, koma masamba ambiri akuthera pa kuyerekeza mayankhulidwe ake ndi kufotokoza dzanja lake kuti ife tiseke. Tangoganizani: munthu amene anatchedwa unicorn chifukwa cha njerewere, lero akudyera thupi la mnzake! Pa siteji mwina liwu lake lachikondi likanaphimba nkhanzayo. M'buku mawu amakhala okhaokha, ndipo mwamunayo alibe tsamba loti ayankhirepo.

Enanu mumalemba nkhani zoseketsa muno, ndipo kawirikawiri woseketsayo amakhala wachibwibwi, wamisala kapena wakumudzi. Musanatumize yotsatira, werengani mitu iwiriyi motsatizana, wa mayi ake ndi wa mwamuna uja. Amene muli ndi bandulo yokwanira, mverani bukuli akuliwerenga yekha Tiffany, kuwerenga komwe kunamulowetsa pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya Grammy, mudzatiuze ngati mutu wa mwamunayo ukumveka mosiyana m'khutu.