Lolemba Lija Adzalilemba Ndani?

Lamulungu pa 4 Okutobala 1992, mumzinda wa Rome, a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama adasayina pangano lothetsa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique. Zimenezo a mbiri adalemba kale, chithunzi chogwirana chanja tidachiona. Ine dandaulo langa lili pa tsiku lotsatira, Lolemba pa 5, chifukwa alembi athu a Chichewa adalilumpha ngati chithaphwi.

Ndimalikumbuka tsikulo. Ndinali mphunzitsi wachinyamata pano pa Mchinji Boma. Mawailesi akunja adadzuka ndi nkhani ya ndege yonyamula katundu yomwe idagwera nyumba zosanja ku Amsterdam usiku wa Lamulungu lomwelo, ngozi imene idapha anthu 43. Kuno kwathu mitima inali pa chilala ndi chimanga chachikasu, kwinaku tikunong'onezana za kalata ya maepiskopi ya mu Malichi ndi mlandu wa a Chakufwa Chihana. Padangotsala masabata awiri kuti a Kamuzu alengeze za riferendamu. Mtendere wa anansi athu udangodutsa cham'mbali.

Nditaweruka ndidapita kumsika. Padali mayi wina wochokera kuchigawo cha Tete amene ankagulitsa mafuta ophikira a m'timabotolo, opatula pa chakudya chomwe othawa nkhondo ankalandira. Chichewa chake chinali changati chathu chomwechi. Ndidati, "Mayi, mwamva? Nkhondo yathatu kwanu." Sadadzutse n'komwe mutu. Adangoti, "Ndiye kuti makhadi a ufa atilanda liti, aphunzitsi?"

Papita zaka zoposa 30, koma funso ngati limenelo sindidakumane nalo m'nthano zomwe ndawerenga m'manyuzipepala, m'mipikisano ya ana a sukulu kapena m'masewero a pa wailesi. Wothawa nkhondo akalowa m'nthano yathu amalowa ndi nkhope ziwiri zokha. Apo ndi mbava ya mfuti yobisa m'thumba la makala, apo ndi mwana wamasiye wolira amene bwana wachifundo am'tola n'kumuphunzitsa mpaka kukhala dokotala. Sindikukana, mfuti zidalowadi m'dziko muno kudzera m'malire, ndipo amasiye analipo ambirimbiri. Koma anthu oposa 1 miliyoni amene adakhala nafe kuchokera ku Nsanje, Dedza, Ntcheu mpaka kuno ku Mchinji onsewo n'kukwana m'zigoba ziwiri? Ayi ndithu, pamenepo ndi ulesi.

Matendawa ndi akale. Buku la a Samuel Ntara lija la Nthondo, la m'chaka cha 1933, limatenga munthu kuyambira kubadwa mpaka kumanda, n'kumutembenuza mtima panjira. Pa nthawi yake idali ntchito yotamandika. Tsoka lake n'lakuti zidzukulu zake pa zolembalemba zidatengera mwendo womwewo. Mlembi wa lero amapatsidwa theka la tsamba, koma amafuna kuti Chikondi abadwe, akule, achimwe, adwale, alape, kenaka mlembiyo aime pachulu kutilalikira. Zaka makumi atatu m'ndime zisanu ndi imodzi! Nanga mpata womva fungo la mafuta a mayi uja upezeka pati?

Tsono taonani anzathu a tsidya linalo. Mayi Lília Momplé, m'buku lawo la Neighbours la mu 1995, adangotenga usiku umodzi wokha mumzinda wa Maputo. Nyumba zitatu, ola ndi ola kuchokera madzulo mpaka m'mawa. Uyu akuphika, uyu akudikira mwamuna wosabwera, apa ena akupangana chiwembu chotumidwa ndi boma la tsankho la South Africa. Mbiri yonse ya dzikolo, utsamunda ndi zilonda zake, imatulukira m'makhitchini amenewo popanda wina kukwera pachulu. A Mia Couto nawo, mu Terra Sonâmbula ya 1992, adakhazika nkhalamba ndi kamnyamata m'basi yopserera pamsewu. Bukulo ndimalilemekeza, ngakhale kuti kwa ine maloto adachulukamo. Lolemba lathu lija silifuna maloto. Likufuna munthu wodziwa mtengo wa kabotolo ka mafuta ndi kulemera kwa thumba la ufa pamutu.

Ndipo musaganize kuti tsiku wamba ndi nkhani yaing'ono. Mayi uja adaona patali kuposa ine wowerenga nyuzi. Mtendere kwa iye udatanthauza kutha kwa chakudya cholandira, ndi ulendo wobwerera kumunda kumene mwina kudakwiriridwa mabomba. Ambiri adabwereradi pofika 1995, koma dziko la Mozambique lidalengeza kuti lathana ndi mabomba okwirira m'chaka cha 2015, patatha zaka 23. Chaka chotsatira, mu 2016, anthu a ku Tete ankakhamukiranso ku Kapise m'boma la Mwanza pothawa kuwomberana kwa asilikali a boma ndi a Renamo. Kodi nkhondo imatha tsiku losayina? Wolemba nthano ndiye woyenera kutifunsa zimenezo, osati kutiuza kuti kuba n'koipa.

Palinso amene sadabwerere. Adakwatiwa, adakwatira, adapatsidwa malo ndi mafumu, pakuti Mchewa wa ku Tete ndi wa ku Mchinji gule wawo ndi mmodzi, ndipo onse amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika. Nkhani za mabanja amenewa zili pakhomo pomwepa, alembi anzanga, sizifuna ndalama ya basi.

M'chaka cha 2017, pa kalembera wa ziphaso za unzika, ndidaima pamzere kumbuyo kwa mnyamata wina wa zaka ngati 25. Kalaliki adamufunsa mwaulemu ndithu, "Achimwene, kwanu n'kuti? Mudzi ndi mfumu yaikulu." Ife Achewa timadziwa kuti kwanu ndi kumene adachokera mayi ako. Mnyamatayo adakhala chete, adayang'ana kumapiri a kumalire, kenaka adatchula mudzi wa bambo ake. Kalaliki adalemba, n'kuitana wotsatira.