Ng'oma ya m'kiyibodi sidikira wolira

Ndatopa kumva kwaya ikutamandidwa chifukwa cha yunifolomu ndi masitepe. Kuno ku Ligowe, ngati m'madera ena a boma la Neno, kwaya ikachita bwino anthu amati yavina, ndipo oweruza mipikisano amataya mamalikisi ambiri pa kalowedwe ndi katulukidwe. Zoti nyimboyo yanyamula ludzu la munthu wofuna Mulungu amene akuoneka kuti wangoti chete, palibe amene amafunsa.

Chonsecho ludzu limeneli ndi la Mkhristu aliyense. Munthu amapemphera zaka, mwana osachira. Amadya mgonero n'kubwerera kwawo mtima uli wouma. Baibulo silibisa zimenezi: Salimo 88 limathera mumdima popanda chitonthozo, ndipo takhala tikuliwerenga m'chinenero chathu kuyambira 1922 pamene Buku Lopatulika lonse linatuluka. Nanga bwanji makwaya athu amaimba ngati aliyense wapambana kale?

Ine mlandu ndimaupereka kwa ng'oma ya m'kiyibodi. Mnyamata akangodina batani, kugunda kuja kumathamanga chimodzimodzi mpaka kumapeto. Sikudziwa kuti mayi wa alito mawu amutsamwa, sikudziwa kuti pamzere uwu mpingo ukufuna kuchedwapo. Anthu ndiwo amathamangira makina, ndipo munthu wothamanga sadandaula. Makolasi a mzere umodzi obwerezedwa mpaka thukuta kamukamu, amenewo sindingatayirepo nthawi.

Chimene ndimachikonda, ndipo sindichita nacho manyazi, ndi kuimba kodekha kwa mawu anayi popanda chida. Neno si mlendo pa luso limeneli. Mishoni ya Matandani ya a Adventist ilipo kuyambira 1908, ndipo buku la Khristu mu Nyimbo lakhala m'manja mwa mibadwo ingapo. A CCAP ali ndi Nyimbo za Mulungu, zimene amayi a Mvano amachezera nazo pamaliro. Tamverani mmene amachitira. Mmodzi amayamba yekha, motsitsa, ngati akudzifunsa. Anzake amamupeza pakati pa mzere, besi n'kulowa mochedwa kudzayala pansi. Kenako, mzere ukamatha, tenala amakakamira pa fa, osafuna kutsikira pa mi, ndipo kwa kamphindi ako nyimbo yonse imalendewera, yosafika, yosakhuta. Ha, pamenepo ndiye pali pemphero! Akatsika, liwu lomaliza amalikoka mpaka mpweya kutha, ndipo palibe amene amathamangira ndime yotsatira. Kachetechete ka pakati pa ndimeko ndi mbali ya nyimbo, ndipo m'menemo ndi mmene mayi wamasiye amameza malovu n'kupeza mphamvu yopitirira. Kaimbidwe kotere kali ngati chikuni cha pasiwa: sichithetheka, koma chimafika mbandakucha.

Sindikuti zida ndi tchimo ayi. Paul Banda ndi Alleluya Band ya ku Balaka anaonetsa kalekale kuti gitala imatha kutsagana ndi mawu a munthu wosweka mtima osawapondereza. Kiyibodi nayo ingathe, ikazimitsidwa ng'oma n'kusiya zala zitsate mpweya wa oimba. Koma zimenezi zimafuna woimba womvetsera, ndipo ambiri anaphunzira kudina asanaphunzire kumva.

Palinso chizolowezi china chimene chimandiwawa kuposa zonse, cha otsogolera mapemphero. Nthawi ikathina mumva akuti tiimba ndime yoyamba ndi yomaliza. Yoyamba imaitana, yomaliza imalonjeza kumwamba, koma m'nyimbo zambiri kukayika, kugwa ndi kudikira zimakhala m'ndime zapakati, zomwe timadumphazo. Akwayamasitala ndi akulu ampingo, bwezerani ndimezo. Ngati nthawi yachepadi, fupikitsani zolengeza, nyimbo iimbidwe yonse.